Ndinathira Apongozi Mchere

Anzanga, nkhaniyi bola ndiifotokoze ndekha, chifukwa Gift akuiyendetsa mu Doha muno atathiramo zokometsera zake, mpaka ena akumva kuti ndinakomoka. Sindinakomoke ayi. Zina zonsezo n'zoona.

Ine ndine Limbani, kwathu ndi ku Mchinji, ndine nesi pa chipatala china kuno ku Doha. Ndimakhala ku Rawdat Al Khail, mufulati imene timagawana ndi Gift ameneyo, mnzanga wa ku Zomba, injiniya wa makina oziziritsa m'nyumba. Ndineneretu kuti ine magazi sandiopsa. Ndaona mabala oti inu mutawaona simungadye nyama mwezi wathunthu. Ndiye mukamamva zimene zinachitikazi muzikumbukira kuti anazichita ndi munthu wa satifiketi yake, wolipidwa chifukwa chodekha mtima anthu ena akasokonezeka.

Ndili ndi chibwenzi, dzina lake Tadala, amagwira ntchito yolandira alendo pa hotela ina. Tinali titagwirizana kuti nkhani yathu tsopano ipite kwa akuluakulu. Koma amalume ake ku Dedza anayankha kuti iwo sangatsegulire khomo munthu amene amangomuona pa foni, poti pa foni aliyense ndi waulemu. Anati maso awo ku Qatar ndi mlongo wawo, mayi aang'ono a Tadala, amene Amalawi tonse kuno timawatchula Anti Nankhoma. Iwo akati mnyamatayo ali bwino, za chinkhoswe ziyambika. Akati ayi, ndiye kuti zathera pompo. Mwachidule, banja langa lonse linali pa lilime la mayi mmodzi.

Ndipo mayi wake! Anti Nankhoma akhala zaka zambiri akugwira ntchito m'nyumba ya banja lina ku Nuaija, alera ana a eni nyumba mpaka anawo akalakwa amamva msanga "iwe!" wa Chichewa kuposa Chiarabu cha makolo awo. Sakweza mawu. Amangokuyang'ana, iwe n'kuyamba kuulula ndi zimene sunafunsidwe zomwe. Ndinati tikumane ku lesitilanti, iwo anabweza uthenga kudzera mwa Tadala: "Ku lesitilanti munthu amabwera atasamba. Ine ndikufuna ndikaone pamene amagona." Tinapangana Lachisanu madzulo, tsiku lawo lopuma, kuti Tadala akaweruka akawatenge abwere limodzi.

Vuto linali limodzi: mphemvu. Fulati yathu ndi yabwino ndithu, koma kukhitchini kunali mphemvu zoyenda monyada, zooneka kuti zinafika m'dziko muno ife tisanabwere ndipo mapepala awo ndi okwanira. Ndinapita kwa mlonda wa nyumba yathu kukapempha kuti aitane anthu opopera mankhwala. Iye anamwetulira n'kuti, "Bukra, inshallah," kutanthauza kuti mawa, Mulungu akalola. Mawa lake, bukra. Sabata yotsatira, bukra. Amene mwakhalako kuno mukudziwa kuti bukra ameneyu ndi mawa losacha. Ndinatopa, ndinagula kachitini kopopera ndekha, nkhani ya mlonda n'kuiwaliratu.

Lachisanu lija ndinalawira. Kusesa, kukolopa, kupukuta ndi pamwamba pa firiji pomwe, poti ndinamva kuti Anti amayendetsa chala m'malo oterowo. Nthawi ya nkhomaliro isanakwane zonse zinali mbee, nkhuku yapsa ili mupoto, malaya ndi thalauza zositasita zili pa chitseko kuti zisakwinyike, mwini wakene ndangotsala ndi kabudula ndi vesiti. Kunja kuli dzuwa la kuno lija loti nsapato imamata pa phula. Chochita chinatha, koma nthawi yosayenda. Ndinayamba kukolopanso pamene ndakolopa kale.

"Aise, wachuluka tension," anatero Gift. "Utha matailosi. Khala pansi tionere filimu, time ithamange."

Mwaona? Chiyambi chake chinali chabwino. Munthu amangofuna kundithandiza.

Anati mnzake wa kuntchito anamupatsa mafilimu a ku Spain, gawo loyamba ndi lachiwiri. "Ndi aja amaoneka ngati munthu wamba amangojambula pa kamera yake, kenako kamerayo anthu anaitola pansi mwini wake kulibe. Found footage, man. Koma ngati uli ndi mtima wa nkhuku unene." Ine, nesi, mtima wa nkhuku? Ndinatseka makatani ndekha.

Gawo loyamba ndinkaseka. Nkhani yake, anthu ali m'nyumba ina yakale yansanjika, wina wadwala matenda achilendo, waluma mnzake, wolumidwayo wayamba kuthamangitsa anthu n'kumaluma ena, basi kumangopatsirana choncho. Kenako kwabwera anthu ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nkhope zobisa, n'kumata mapulasitiki pa zitseko kuti aliyense asatuluke. Ine ndinakhala ngati ndili kuntchito. "Chimenecho ndi chiwewe basi," ndinamuuza Gift. "Avale magolovesi, odwala awaike paokha, nkhani yatha. Taona uyo akugwira bala ndi manja! Anaphunzira kuti?" Gift ankangoti, "Dikira, dokotala, dikira."

Komabe ndivomere kuti kajambulidwe kake kanayamba kundilowa pang'onopang'ono. Mulibe nyimbo. Filimu yabwinobwino imakuimbira kanyimbo kokuchenjeza kuti konzeka, choopsa chayandikira. Iyi ayi. Kamera ikungogwedezeka, ukumva wojambulayo akupuma wefuwefu, kuwala kukubwera n'kuchoka, ndendende timavidiyo tija azakhali amatumiza pa gulupu ya banja atalemba kuti "zachitika zenizeni, tiyeni tipemphere." Mutu ukudziwa kuti n'zopeka, koma msana sukudziwa.

Gawo lachiwiri ndi limene linandimaliza. M'nyumba yomwe ija mwalowa wansembe, ndipo zadziwika kuti zimene ndimati chiwewe zija si chiwewe chokha. M'kati mwa olumidwawo muli ziwanda. Munthu akukuthamangitsa kuti akulume, mwadzidzidzi waima, wayamba kuyankhula ndi mawu osakhala ake, n'kukutchula dzina, pamene sanakuonepo chibadwire. Mankhwala sakugwira. Chimene chikugwirako pang'ono ndi pemphero.

Apa kuseka kunatha. Tandiuzani inu, matenda ndimawadziwa, ndinawaphunzira. Ziwanda ndimazidziwanso, ndinakulira mu mpingo. Koma ndani analola kuti ziwirizi zikwatirane? Kwathu chiwanda chimakhala ndi khalidwe: chimagwira munthu mmodzi, abusa abwera, amayi aimba nyimbo, chakuwa, chatuluka, anthu akamwa tiyi. Za ku Spain zimayenda m'malovu ngati chimfine, ndipo zimathamanga! Wodwala ungamuthawe, chiwanda ungachipempherere, nanga chiwanda chothamanga upemphera nthawi yanji? Ndipo mzungu akafika posiya jakisoni n'kutola mtanda, dziwani kuti zafika pa mwana wakana phala. Nesi uja anatuluka mwa ine mwakachetechete, munatsala mwana wa amayi anga.

Filimu ili pakati, Gift anadzuka. "Tayiwala ma-drink a alendo. Ndikufika pa baqala, five minutes. Ndi-pause?" Baqala ndi kagolosale ka pakona. Ndikanati inde, bwenzi lero ndilibe nkhani. Koma ulemu wa mwamuna unandipha. "Pita, ndikuuza mmene yathera." Anatuluka, ine n'kutsala ndekha mumdima wa makatani, mpaka kamera ya wojambula uja inagwa pansi, n'kumangoonetsa khoma, kenako bii.

M'nyumba munali zii. Ndinkamva firiji ikulira.

Kenako panja pa chitseko: tsweee! Tsweee! Phokoso la selotepi wamkulu akamamatulidwa. Ndinanyang'ama mpaka pachitseko, diso pa kabowo kaja. Abale anga! Anthu awiri ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nkhope zobisa, zimatanki kumsana, akumata pulasitiki pa chitseko cha fulati yoyang'anana ndi yathu. Mmodzi anatembenuka, n'kuyang'ana chitseko changa ndi magalasi ake aja, n'kubwera, n'kugogoda. Go go go! Anayankhula zinazake zosamveka m'kati mwa chophimba nkhope. Ine phee, mpweya ndagwira. Anagogodanso, kenako anakwera m'mwamba ndi mnzake.

Mukufunsa kuti za mphemvu sizinandibwerere m'mutu? Olo pang'ono. Bukra ndinali nditamuika m'manda kalekale, maliro ake ndinalira, ndinameta. Ndani anaonapo bukra atafika, ndiponso Lachisanu, tsiku lopuma kuno?

Ndinaimbira Gift, foni yake inalira pa sofa pambali panga, n'kudumpha ine mpaka kugunda tebulo. Ndinaimbira mlonda, sanayankhe. Pansi pa chitseko panayamba kulowa kafungo kowawa m'mphuno. Pamenepo ndinamaliza kuwerengera: nyumba yatsekedwa, Gift amugwira kale, mlonda anali woyamba kulumidwa. Ndipo posachedwa Tadala abwera kuno ndi Anti, osadziwa kanthu, kudzalowa m'kamwa mwa zimenezi. Mantha anga anasanduka changu. Ndinati ndituluke m'nyumba muno, ndikawatsekereze kunja.

Koma munthu sutuluka chimanjamanja. Mafilimu awiri anali atandiphunzitsa. Ndinakulunga thaulo pa mkono wamanzere n'kulimanga ndi selotepi, kuti zikafuna kuluma zilume thaulo. Ndinavala masiki ya kuntchito ndi magolovesi otsukira mbale, achikasu aja. Ndinatenga mopu. Izi zinali za mbali ya matenda. Mbali ya ziwanda, ndinatenga paketi ya mchere, poti kwathu amati zoipa zonse zoyenda sizigwirizana ndi mchere, n'kufukula m'sutikesi kabotolo ka madzi odalitsidwa kamene amayi anandilowetsera ndikunyamuka, komwe ndinawaseka nako pa bwalo la ndege kuti amayi, ine ndikupita ku chipatala, sindikupita ku nkhondo. Ndinakapepesa kabotoloko chamumtima. Thalauza lositasita lija silinandidutse n'komwe m'maganizo.

Chomaliza, foni. Mafilimu aja anandiphunzitsanso kuti zoterezi umajambula, kuti otsala adzadziwe. Ndinayatsa kamera, n'kudziyang'anitsa, n'kunena monong'ona: "Tadala, ukaona vidiyo iyi usabwere kuno. Anti uwauze asabwere, uwagwire ndithu, bondo lawo lija sangathamange. Ine ndiona chochita. Ndimakukonda. Nkhuku ili mupoto." Mpaka lero sindidziwa kuti nkhukuyo inalowamo bwanji m'mawu anga otsiriza.

Ndinatsegula chitseko pang'onopang'ono. Lifiti ndinadina, ndinadinanso, yosabwera. Kunatsala masitepe. Masitepe a nyumba yathu alibe windo, ndipo babu lake linapsa kalekale, nalonso likudikira bukra. Masana dzuwa likuswa mtengo kunja, mmenemo ndi mdima wa ndiwe yani. Ndinayatsa tochi ya foni, kamera ikujambulabe, mopu kutsogolo, mchere m'khwapa, kabotolo m'lamba wa kabudula, n'kuyamba kutsika.

Ndisanapite patali ndinamva. Pansi, m'munsi mwanga: hiii... hiii... Kupuma kwa chinthu chovutika. Kenako phazi lokwekwereza. Khwee. Kenako kubuula. Kenako china chake chikugunda zitsulo zogwirira, ngwe, ngwe. Ndinaloza tochi pokhotera masitepe, ndipo chinatulukira: chinthu chakuda bii kuyambira kumutu mpaka pansi, chowerama, dzanja limodzi likupapasa khoma, lina lagwira kansalu koyera pakamwa. Kansaluko kofiira. Dzanjalo lofiira. Zofiira zikudontha pa sitepe.

Chinaima. Chinadzutsa mutu pang'onopang'ono, maso akuphethira ndi tochi. Kenako ndi mawu osasa, ochokera pansi pa chifuwa, chinati:

"A Limbani..."

Mayo ine! Chikudziwa dzina langa! Ndendende gawo lachiwiri! Ndipo chiwanda cha ku Spain chofika podziwa kuika "a" waulemu kutsogolo kwa dzina, chimenecho ndi chachikulu, chamaudindo.

Zimene zinatsatira ndikuzidziwa bwino chifukwa ndaziona pa vidiyo kangapo, osati mwa kufuna kwanga. Ndinang'amba paketi ndi mano, n'kuwaza mchere dzanja lodzaza. Ndinawazanso. Ndinatsegula kabotolo n'kukhuthula konse, madzi amene amayi anati ndizidontheza pang'onopang'ono. Mopu ndaloza kutsogolo ngati mkondo, ndikukuwa ndi mawu amene sindinkadziwa kuti ndili nawo: "Tuluka! M'dzina la Yesu tuluka! Moto! Fire! Sundidziwa iwe! Ndakukana! Bwerera kumene wachokera!"

Chinthu chija chinayetsemula. Chinayetsemulanso. Chinachotsa kansalu pakamwa, chinasasa mchere pa mpango wa kumutu, n'kunena modekha:

"Ndachokera ku Nuaija, bambo. Ndibwerere?"

Anzanga, pali nthawi zina munthu umalakalaka chikanakhala chiwanda chenicheni.

Anali Anti Nankhoma, atavala abaya, mkanjo wakuda uja amayi amavala kuno akamatuluka. Anabwera msanga dala, osadikira Tadala, poti iwo amati mlendo wofika pa nthawi yake amangoona nyumba yokonzera iye. Anapeza lifiti aitsekereza anthu a zoyera aja, opopera mankhwala, ndi katundu wawo, ndiye anayamba kukwera masitepe ndi bondo lawo lovuta, fungo la mankhwala n'kuwatseka pachifuwa. Zofiira zija? Anandifulira juwisi wa chidede ndi manja awo, mphatso ya mkamwini, ndipo atapunthwa mumdima botolo linatseguka. Ine kuwalandira kwake kunali kumeneko.

Kwathu mkamwini akakumana ndi apongozi panjira amapatukira kutchire, maso pansi. Ine apongozi ndinawati "iwe," ndinawakana, ndinawathira mchere ngati nyama yoyanika, ndili m'kabudula. Ndinagwada pa sitepe pomwepo, mopu uli m'manja poti ndinaiwala kuusiya, n'kuyamba kuomba m'manja ndi magolovesi achikasu aja, phwa phwa phwa. "Pepani amayi, pepani, ndimayesa..." Ndimayesa chiyani? Ndikanamaliza bwanji chiganizo chimenecho?

Ngati kuti mboni zinali zochepa, kumunsi kunatulukira Gift ndi jumbo ya zakumwa, kumtunda kunatsika anthu a zoyera aja atamva kukuwa. Mmodzi anavula chophimba nkhope, kamnyamata kaulemu kake, n'kuti, "Boss, cockroach spray. Your flat, you ask, no?" Gift anayang'ana ine, anayang'ana thaulo, anayang'ana mchere pa mapewa a Anti, n'kukhala pansi pa sitepe. Sanaseke mokweza, poti pali akuluakulu. Ankangonjenjemera mapewa, misozi ili chuchuchu.

Anti anangoloza foni. "Chimenecho chikujambulabe?"

"Eee, amayi. Ndifufuta pompano."

"Musafufute. Munditumizire."

Ndinawathandiza kukwera masitepe otsalawo, iwo atagwira mkono wa thaulo uja, poti ndi umene unali mbali yawo. Ndinathamangira kuchipinda kukavala thalauza, ngakhale kuti linali ngati kutseka khola mbuzi zitatuluka. Anakhala pa sofa, ndinawapatsa madzi, anamwa. Ndipo nthawi yomweyo anyamata aja analowa kukhitchini n'kuyamba kupopera. Mphemvu zimene ndinakhala m'mawa wonse ndikubisa umboni wake zinatuluka ndi mabanja awo, agogo ndi zidzukulu, kudutsa pa matailosi anga owala aja, zina kudzafera pa mapazi a Anti penipeni. Iwo anangosuntha phazi pang'ono. Sanayendetse n'komwe chala pamwamba pa firiji.

Opoperawo anati tonse tituluke, nyumba ikhale yotseka mpaka fungo lithe. Ndiye phwando lolandira apongozi linasamukira ku Corniche, m'mbali mwa nyanja muja anthu amakapitidwa mphepo dzuwa likapepa, Gift atanyamula poto wa nkhuku atamukulunga m'thaulo lomwe lija. Tadala, titamuimbira foni, anatipeza kumeneko akuchokera kuntchito, ali mwemwemwe, n'kufunsa kuti, "Mwadziwana kale? Zayenda bwanji?" Anti anangotulutsa foni n'kumupatsa.

Ndinamuyang'ana Tadala akuonera. Poyamba anagwira pakamwa. Atafika pa "Nkhuku ili mupoto" anatulutsa kamawu ngati kamwana ka mphaka. Atafika pa "Tuluka!" kuseka kunathawa, anayang'ana mayi ake aang'ono, n'kuyang'ana ine, maso atadzaza misozi. "Limbani, seriously? Anti?" Apa ndiye ndinaopa zenizeni, kuposa pa masitepe paja. Ndinaona kuti mkazi uyu ndamutaya chifukwa cha filimu, ndipo mtima unandiwawa kwambiri moti nkhuku sindinailawe.

Anti anadya bwinobwino. Anatafuna ndi mafupa omwe. Anaonera vidiyo ija kachiwiri, okha, foni ataiyandikiza kukhutu. Atasamba m'manja anati, "Yalla, tiyeni tiwaimbire achimwene, data isanandithere." Anaimba pomwepo, ine ndili pompo, mawu ataika pokweza.

"Achimwene, mnyamata uja ndamuona."

"Mwamuona bwino?" anafunsa amalume, mawu akuchokera ku Dedza.

"Ndamuona yense. Mpaka maondo."

Gift anadzuka n'kupita kukayang'ana nyanja.

"Nyumba ili ndi mphemvu, koma akulimbana nazo. Kuphika amatha. Kulimba mtima, ayi, tisanamizane, pamenepo Mulungu anawamana. Koma kupemphera, achimwene! Zaka zonse ndakhala kuno palibe anandipemphererapo ndi mphamvu ngati imeneyo." Anafotokoza zonse, mchere, madzi, mopu, osasiya kanthu. Kenako Anti anatsitsa mawu. "Koma ndamvetsera zimene ananena asanatsike, pamene ankayesa kuti imfa yafika. Sanaimbire bwana wake, sanalire amake. Anati mwana wathu asabwere. Anakumbukira ndi bondo langa lomwe. Atatero anatsika yekha mumdima, akunjenjemera, kupita komwe kunali choopsacho, kuti akatitsekereze. Ine amuna olimba mtima ndawaona ambiri, achimwene, mmodzi ndinakwatiwa naye, ndipo mukudziwa kumene ali. Uyu ndamulola."

Tadala anandigwira dzanja pansi pa mpando, pobisa. Ndinasangalala mpaka kuchita manyazi, ndipo sindibisa, misozi inatuluka, ndinanamizira mphepo ya panyanja.

Amalume anakhosomola. Anakhosomolanso, kukhosomola kokayikitsa kuja. Kenako anati, "Chabwino. Akadzabwera pa tchuthi atumize ankhoswe ake, tidzakambirane. Koma muwauze akamwiniwo kuti mchere asiye konko. Kuno tili nawo."

Basi, kuyambira tsiku limenelo ndilibenso mtendere. Anti akabwera kudzationa amaima pakhomo n'kufunsa ndi nkhope yosaseka, "A Limbani, lero ndilowe kapena ndituluke?" Amauzanso aliyense kuti chiwathirireni madzi aja bondo lawo lapepukako, moti amayi awiri a ku Nuaija anditumizira kale uthenga wofunsa ngati ndimapempherera anthu Lachisanu lililonse. Mafilimu aja anawabwereka kwa Gift n'kuonera okha, ndipo anabweza ndi ndemanga yoti n'zachibwana, aliyense amene analerapo ana a eni ake amadziwa kuti wolumayo umangomuyang'ana. Vidiyo yanga akuti akuisungira tsiku la chinkhoswe, abale a ku Dedza adzaone okha.

Gift akuti ku Spain kuja sanalekere pomwepo, pali gawo lachitatu ndi lachinayi. Aonere yekha. Ine ndalumbira: filimu yoti kamera yake imanjenjemera ndipo mulibe nyimbo, sindidzaiyandikiranso, olo masana, olo nditavala thalauza. Mlonda akati bukra ndizimukhulupirira. Ndipo tagwirizana kale kuti m'nyumba mwathu mchere azidzasunga ndi Tadala.